Galimoto Yakuda Imene Ambuya Anu Anakana Kukwera

Iwe Tionge ndiwe wayambitsa zonsezi. Lamulungu lija tikuchokera kokaona odwala, minibasi itatidutsitsa ku Kabulonga, unaloza nyumba ina ya mpanda wautali n'kundifunsa m'Chinyanja chanu cha m'tauni chija: "Ambuya, ni zoona ati ise tinafunika kunkala kuno? Ba dadi banakamba ati ambuya bakazi banakana nyumba na motoka. Manje banali na nzelu bwanji?" Mlongo wako Dalitso anaseka mpaka kugunda mutu pa zenera. Ine sindinayankhe. M'basimo munali anthu, ndipo mano anga ogulawa akangomva kuti ndakwiya amafuna kutuluka.

Lero ndiyankha. Ndatsitsa taipulaita yanga pamwamba pa kabati, ndaipukuta fumbi, ndipo ndikulemba ndi zala ziwiri zimene zikundimverabe. Ana inu, muwerenge mpaka kumapeto, osati kukankha ndi chala monga muchitira ndi mafoni anu. Ambuya anu aakazi, malemu Nambewe, amene m'mabuku amalembedwa kuti Dokotala Edina Mbewe, sanali opusa. Aliyense wonena zimenezo, ngakhale akhale bambo wanu Limbikani, abwere adzanene ine ndili pano.

Ndiyambe ndi ine, poti makinawa ndi anga. Sukulu ndinalekezera m'kalasi imene inu munadutsa mamina ali m'mphuno. Ndinabwera ku Lusaka kuchokera kwathu ku Katete nthawi ya Azungu, pamwamba pa lole ya mtedza. Msewu unali wafumbi, ndipo pa mapiri a ku Luangwa aja tinkatsika tonse n'kumayenda pambali kuti lole ipume, wina atanyamula mwala woika kuseri kwa tayala. Kamba wa paulendo anali chinangwa chootcha ndi thobwa la m'botolo. Ndinafika muno ndili wofiira ngati chulu.

Ntchito ndinaipeza kwa Mmwenye wina wokonza mataipulaita m'tauni. Inu taipulaita mumaiona ngati chidole cha pa kabati, koma masiku amenewo boma lonse linkayenda ndi iyo: makina olembera opanda magetsi, olira ngati matalala pa malata, okhala ndi kabelu kokuuza kuti mzere watha. Ukalakwitsa, unkayambanso pepala lonse ukutukwana chamumtima. Ine ndinkazungulira m'maofesi ndi kachikwama ka mabulashi, mafuta ndi maliboni. Ndikakonza makina ndinkayenera kuwayesa, ndiye ndinkatola pepala lililonse lotayidwa m'basiketi n'kumalikopera. Umo ndimo ndinaphunzirira kuwerenga Chingerezi, m'zinyalala za boma. N'chifukwa chake mpaka lero Chingerezi changa chimamveka ngati kalata yokaniza munthu ntchito. Pofunsira ambuya anu ndinatsala pang'ono kuyamba ndi mawu akuti ndalamulidwa kukudziwitsani.

Ndinawapeza mu ofesi ina cha ku Longacres. Anali mtsikana wotaipa, mwana wa mphunzitsi wa ku mishoni, wamfupi, wa maso osaphethira msanga. Makina awo ankawonongeka kawirikawiri chifukwa ankawamenya ngati ali nawo mlandu. Ine sindinkadandaula. Nthawi ya nkhomaliro, anzawo akupita kokagula mabanzi, iwo ankatsala n'kumalemba maphunziro a pa positi, aja otumiza mayankho kutali n'kudikira kuti abwerere ndi inki yofiira.

Panja pa ofesiyo panali benchi. Muisunge m'mutu benchi imeneyi. Pamenepo ndi pamene pankakhala anthu akuda odikira thandizo: wofuna chitupa, msilikali wakale wofuna penshoni yake, mayi wofuna kudziwa kumene mwamuna wake watsekeredwa. Ufulu utabwera tinavina mpaka nsapato kung'ambika. Mbendera yakale inatsika, Azungu ambiri analongedza, anyamata athu anakhala pa mipando yozungulira ija. Koma patapita miyezi, tili okwatirana kale, ambuya anu anandikoka dzanja n'kundilozera panja.

"A Sakala, taonani. Mbendera yasintha, bwana wasintha, koma madala uja wa jekete la kunkhondo akadali pa benchi pomwe paja."

"Mwina amakonda mthunzi wake," ndinatero ine.

Sanaseke. "Ine ndikufuna kudziwa chimene chimasunga munthu pa benchi."

Funso limenelo ndilo linadya moyo wawo wonse. Yunivesite itatsegulidwa, anali mmodzi mwa akazi ochepa amene analowa, bambo wanu ali kale kumsana. Kenako anawatumiza ku dziko lozizira kukaphunzira za kayendetsedwe ka boma. Ine ndinatsala ku Kabwata ndi Limbikani, m'tinyumba tozungulira taudzu tija, timene tatsala towerengeka pamene alendo amagula ziboliboli masiku ano. Ndinaphunzira kuchapa, kusita, ndi kuphika kapenta wamchere wambiri mwakuti bambo wanu anakula akumwa madzi ngati ng'ombe. Mnansi wathu bana Chola, mayi wa Chibemba wosadziwa kunong'ona, ankaima pa mpopi n'kundikuwira m'chinenero chakwawo, chonditchula kuti bambo a Limbikani: "Bashi Limbi, shani? Mukazi ali ku Bulaya, mwamuna asuka mapoto! Mailo muzavala na chitenge!" Ndinkamuyankha kuti mawa lakelo andisungire chamaluwa ofiira, chimandikhala.

Makalata awo ankabwera pa timapepala tabuluu topepuka. Mwamuna wina akanayembekezera mawu a chikondi. Ine ndinkalandira mzere umodzi wofunsa za chifuwa cha mwana, kwinako konse akufotokoza mmene anthu a kumeneko amaimira pa mzere ku positi, ndi mmene kalaliki amachitira akalakwitsa. Ndinkawerenga mobwereza, dikishonale ili pa bondo.

Atabwerako anayamba kuphunzitsa pa sukulu yosula antchito a boma, ndipo anatipatsa nyumba ku Woodlands, ya mtengo wa mapeyala pabwalo ndi madzi otentha otuluka m'paipi. Sabata yoyamba ndinkasamba mpaka zala kukwinyika. Koma kafukufuku wa ambuya anu sankathera mu laibulale. Ankavala chitenje chakutha, duku ndi patapata, n'kukakhala pa benchi ya ofesi iliyonse ngati mayi wamba wofuna thandizo. Ankamva zonse ndi makutu awo: bwerani mawa, bwana ali ku miting'i, fayilo yanu yasowa. Ophunzira awo, amene anali mabwana a mawa, ankawatumanso kukakhala pa benchi asanawalole kulemba mayeso. Ambiri ankadana nazo. Mmodzi wa iwo, Mwape wa ku Luapula, wanzeru kwambiri komanso wokonda tayi, anadandaula m'kalasi.

"Ba madamu, ise tinabwela kupunzila kunkala mu ofesi, osati panja."

"Mu ofesi udzalowa, Mwape, usade nkhawa. Ndikufuna ukadzalowa uzidziwa mmene matako amawawira kunja kuno."

Mwape anakhalako kam'mawa kamodzi, n'kukalemba lipoti lokongola la zinthu zimene sanazione. Anakhoza ndithu, poti cholembera ankachidziwa.

Zolemba zonse za ambuya anu ndinkataipa ndine, ndi makaboni ake omwe. Choncho musandiyese mbuli yeniyeni: maganizo awo onse anadutsa m'zala izi. Mawu ovuta ndinkawafunsa tikudya, iwo n'kumanena kuti theka la digiri yawo ndi langa. Theka langalo ndikulidikirabe.

Ndiye inafika nyengo ya chipani chimodzi. Inu masiku ano mumanyoza atsogoleri pa foni mukudya tchipisi, osayang'ana n'kumbuyo komwe. Ife tinkayamba tayang'ana amene ali pafupi tisananene kuti buledi wakwera. Popanda khadi la chipani sunkalowa mumsika, nthawi zina ngakhale m'basi. Anyamata a chipani ankaima pakhomo. Sopo, shuga, mafuta ophikira amene kuno timati saladi, zonse zinali za pa mzere. Ukaona mzere unkayamba waimapo, kenako n'kufunsa kuti kutsogoloko akugulitsa chiyani. Tsiku lina ndinaima theka la tsiku n'kubwera kunyumba ndi makandulo, pamene ananditumiza mchere.

Koma chimene muyenera kumvetsa bwino ndi mwambo wa wailesi. Masiku amenewo udindo waukulu munthu sankaufunsira, ndiponso sankafunsidwa ngati akuufuna. Akuluakulu ankaitanitsa atolankhani, wailesi n'kumaulutsa zonse, mayina n'kumangogwa: uyu wakwezedwa, uyu wasamutsidwa, uyu wachotsedwa. Tauni yonse inkaima. Mabwana ankadzitsekera m'maofesi ndi tiwailesi ta mabatire, thukuta lili kamukamu. Munthu ankapita ku ntchito pa galimoto ya boma n'kubwerera pa basi, chifukwa dalaivala wamva wailesi iye asanamve. Ndipo wokwezedwa anali ndi ntchito imodzi yokha, kuthokoza. Za kukana panalibe amene ankaziganizira n'komwe.

Nthawi imeneyo anakonza zoti m'disitilikiti iliyonse gavana, munthu wa chipani, akhale pamwamba pa antchito onse a boma. Ambuya anu anaitanidwa kukalankhula pa msonkhano wa antchito a boma m'holo ina m'tauni, ndipo ananena poyera zimene anaona pa mabenchi. Anati kalaliki akayamba kuopa gavana kuposa lamulo, mayi wopanda khadi adzafera pa benchi. Anati ofesi ya boma ndi ya munthu aliyense, wovina pa misonkhano ndi wosavina yemwe. Ine ndinali kumbuyo kwa holo. Anthu anawomba m'manja mwa apo ndi apo, maso ali uku ndi uku kuona amene akuwaona.

Tinkayembekezera apolisi. Ndinawakonzera ngakhale kachikwama ka bulangete ndi mswachi, n'kukaika kuseri kwa chitseko. Koma akuluakulu a nthawi imeneyo anali ochenjera kuposa pamenepo.

Tsiku lina masana, m'mwezi wotentha uja majakaranda atachita maluwa, ndinali m'kashopu kanga ku Kabwata, poti apa n'kuti nditayamba kudzigwirira ndekha. Wailesi inali pa shelefu, mayina akugwa monga mwa masiku onse. Kenako ndinamva: Dokotala Edina Mbewe asankhidwa kukhala gavana wa disitilikiti ina yoyandikana ndi mzinda uno. Sikuludilaiva inandipulumuka m'manja. Mpando womwe uja anaudzudzula m'holo! Ndipo unkabwera ndi nyumba ku Kabulonga, galimoto, dalaivala ndi wophika. Panjira yopita ku Woodlands ndinadziona ndili pakhonde la ku Kabulonga, mwendo uli pa unzake, nyuzipepala m'manja, wina akundifunsa ngati ndikufuna tiyi wina. Ndinali nditasankha kale ndi mtundu wa galu amene tidzawete.

Pabwalo ndinapeza anthu atadzaza. Bana Chola anali atafika ndi gulu la amayi a ku Kabwata, nthungululu zili pakamwa. Mlamu wanga Mateyu, mlongo wawo wamkulu wa ambuya anu, amene anali tcheyamani wa chipani ku Chelstone, anali ndi nkhuku yoyera kukhwapa ndi chigubu cha munkoyo, thobwa lija la kuno. Ambuya anu ndinawapeza m'khitchini, choko chidakali m'zala, akuchonga mapepala a ophunzira.

"Mwamva?" ndinafunsa.

"Ndamvera kwa mesenjala."

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani, a Sakala? Alipo anandifunsa?"

"Wailesi siifunsa, Nambewe."

"Nanenso sindiithokoza." Anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana ndi maso aja. "Akufuna kunditseka pakamwa ndi nyumba. Ndikakhala pa mpando uja, mawa ndidzaima pamaso pa ana aja n'kuwaphunzitsa chiyani? Koma ndikakana, ntchito ithera pompa, ndipo nyumba ino atilanda. Si ine ndekha ndimagona muno. Inu mukuti bwanji?"

Ana inu, sindinafunsidwepo funso lolemera chotero. Ndinayang'ana paipi ya madzi otentha, bwenzi langa lapamtima. Ndinaganiza za galu wanga wa ku Kabulonga. Ndiye ndinati, "Mbaula yathu ija ya ku Kabwata sindinaitaye."

Mateyu analowa nkhuku ili kukhwapa. "Iwe Edina, tuluka ukathokoze anthu, akuthera mawu panjapa."

"Alongo, auzeni apite. Udindowo sindiutenga."

Nkhuku inalira, poti anaifinya. "Wapenga? Amayi pomwalira anakusiya m'manja mwa ndani? Mwini mbumba ndine! Ukakana, ine ku Chelstone andiona bwanji? Adzati tcheyamani walephera ndi mlongo wake yemwe. Ana anga aja ukuwaganizira?"

"Ndikuwaganizira, alongo, ndipo zikundipweteka. Pa maliro ndi pa ukwati ndimakumverani. Koma mutu uwu munathandiza kuuphunzitsa kuti uziganiza, osati uzingogwedera."

Anatembenukira kwa ine. "Alamu, inu m'nyumba muno ndinu mwamuna kapena mpando? Lankhulani naye mkazi wanu!"

"Talankhulana kale, alamu. Wandifunsa maganizo anga, chinthu chimene wailesi sinachite."

Anatuluka ndi nkhuku yake. Munkoyo anaiwala, ndipo tinamwa.

M'mawa mwake galimoto yakuda inaima pa geti, yonyezimira, kambendera kali kutsogolo. Amene anatsika anali Mwape, tsopano bwana mu ofesi yaikulu, tayi ili pakhosi. Anamutuma dala, podziwa kuti ndi mwana wawo wa m'kalasi. Anayamba ndi moni wa m'mawa wa Chibemba.

"Ba madamu, mwashibukeni. Nabwela kumitenga, mukalumbile."

"Mwape, wanenepa. Wadya?"

"Napapata ba madamu, chonde osanivutisa. Ni nchito chabe."

"Ndikudziwa. Ukawauze kuti ndamva, koma ntchito ndili nayo kale, ndipo kalasi ikundidikira."

"Sibakana, ba madamu. Kulibe anakanapo."

"Ndiye lero waona chatsopano."

Anatenga chikwama chawo cha mabuku ndi ambulera, anadutsa pambali pa galimoto, n'kuyamba wapansi kupita pa siteji ya basi. Dalaivala, posadziwa chochita, anayamba kuwatsatira pang'onopang'ono. Tangoganizani: mayi wamfupi akuyenda m'fumbi la m'mbali mwa msewu, kumbuyo kwake galimoto ya gavana ikukwawa ngati galu wothamangitsidwa amene sakufuna kubwerera. Antchito a m'mayadi a ku Woodlands anasiya kuthirira maluwa. Pa siteji anaima pa mzere ngati aliyense, n'kukwera basi yodzaza, choimirira.

Zinachitika choncho m'mawa uliwonse kwa nthawi ndithu. Kalata yokana analemba, ine n'kuitaipa, koma palibe ofesi imene inavomera kuilandira. Kalaliki aliyense ankaibweza ngati khala la moto, ati palibe fayilo ya anthu okana. Galimoto inkabwerabe. Dalaivala ndinkamupatsa tiyi ndi chitumbuwa, poti iye analibe mlandu, ndipo ankadya atabisala kuseri kwa chiwongolero.

Anzathu anayamba kuchepa. Kutchalitchi mpando wathu unakhala ndi malo ambiri. Maofesi amene ndinkawakonzera makina anasiya kundiitana. Masana ena anyamata a chipani anabwera kudzaimba pa geti nyimbo zotchula ambuya anu kuti mdani wa dziko, n'kugenda mapeyala athu onse osakhwima. Bambo wanu kusukulu anzake anamusala, ndipo ankabwera malaya atang'ambika. Ngati mpaka lero nkhaniyi amainena mowawidwa, musamuweruze msanga. Iye sanafunsidwe m'khitchini muja. Koma kuwawidwa kwake sikusandutsa amayi ake chitsiru.

M'mawa wina Mwape anatsika galimoto nkhope itagwa.

"Ba madamu, banituma komaliza. Mukapanda kukwela lelo, mailo wailesi izakamba vinangu."

"Ndidzamvera kwa mesenjala. Mwape, pa benchi ya ofesi yako pali ndani lero?"

"Sininaone, ba madamu. Nimangenela kumbuyo."

"Ukabwerera ukalowere kutsogolo."

Tsiku limenelo ndinavala suti yanga ya ukwati, imene mabatani ake anali atayamba kale kudana ndi mimba yanga, n'kuwalanda chikwama. Tinayenda limodzi mpaka pa siteji, iwo ndi ambulera, ine ndi mabuku, galimoto ili pambuyo pathu. Ndinkapereka moni kwa aliyense wosuzumira pa mpanda, mokweza, momutchula dzina. Sindinayendepo mowongoka chotero, ngakhale pa tsiku la ufulu.

Mawa lake wailesi inalankhula: Dokotala Mbewe apumitsidwa pa ntchito pofuna ubwino wa dziko. Palibe sukulu imene inalimba mtima kuwalemba ntchito. Nyumba anatiuza kuti titulukemo msanga. Amene anatipulumutsa anali bana Chola yemwe uja wa nthungululu. Anafika ndi lole ya makala ya mphwake, n'kuima pa geti manja ali m'chiuno.

"Bana Limbi, ine sinimvela vamene mwachita. Nyumba ya mahala, yaulele, mwakana! Koma kwelani, tiyende kwatu."

Mabuku anadzaza theka la lole ndipo anafika onse akuda bii. Tinalowa m'zipinda za kuseri kwa shopu, nyumba yomwe ino imene mumati ndi yopanikiza mukabwera pa holide. Mateyu anamuchotsa utcheyamani, ndipo sanapondenso pakhomo pathu mpaka pa ukwati wa bambo wanu. Chimenecho chinawapweteka ambuya anu kuposa nyumba, kuposa ntchito.

Sindinena kuti zinali zokoma. Mvula ya chaka chimenecho inatipeza denga likudontha, mabuku tikuwafunditsa mapulasitiki ife tikunyowa. Panali masiku amene ambuya anu ankangokhala tsiku lonse akutembenuza kachoko kamene kanatsalira m'chikwama. Ine mawu otonthoza sindiwadziwa, ndimadziwa hamala. Ndinaphwasula mabokosi a mataipulaita n'kukhoma benchi, khoma limodzi la shopu n'kulipaka utoto wakuda. Anayang'ana n'kunena kuti benchiyo ndi yopendama. Ndinadziwa kuti achira.

Oyamba kukhalapo anali amayi amasiye ndi madala a penshoni, otumidwa ndi bana Chola. Ambuya anu ankawauza khomo loti akagogode, mawu oti akanene, ndi chimene lamulo likunena akawauza kuti abwere mawa. Kenako kunayamba kubwera makalaliki aang'ono, Loweruka masana, kufuna maphunziro amene anachotsedwa kusukulu kuja. Poopa maso a anthu, aliyense ankabwera atanyamula taipulaita, kuti wofunsa aziti akukakonzetsa. Panali taipulaita ina yakufa imene inalowa ndi kutuluka m'shopu muno kuposa ine mwini wake. Buku lawo lalikulu analimalizira muno, ine ndikutaipa, ndipo linakasindikizidwa kunja. Ndi lomwe lija, Dalitso, unaikapo kapu ya tiyi.

Patapita zaka, chipani chidakali chimodzi, wailesi inagwetsanso mayina, ndipo pakati pa ochotsedwa panali Mwape. Sizinatenge nthawi. Loweruka lina kalasi ili m'kati, munthu anaima pakhomo, nsapato zili mbuu ndi fumbi, wopanda tayi, wopanda ngakhale taipulaita yonamizira.

"Odi, ba madamu."

Ambuya anu anayamba amaliza zimene ankalemba pa khoma, kenako n'kutembenuka.

"Mwape. Galimoto waisiya kuti?"

"Banatenga. Nayenda kufunsa za penshoni yanga, baniuza ati bwela mailo. Nayenda futi, ati fayilo yasoba. Nankala pa benchi, ba madamu. Pa ofesi yanga yamene."

"Zimawawa?"

"Maningi."

"Chabwino. Tsopano ukhoza kulemba mayeso anga. Inu, sunthani mumupatse malo. Wachedwa, koma khala."

Anakhala pakati pa makalaliki amene kale ankaimirira iye akamalowa, n'kupempha pensulo kwa woyandikana naye.

Ndiye iwe Tionge, nyumba za mipanda yaitali zija ndaona anthu ambiri akulowamo ndi wailesi n'kutulukamo ndi wailesi. Ambuya anu palibe wailesi imene inawachotsa pa khoma lakuda ili. Anaphunzitsa mpaka miyendo inakana, ndipo ananena zimene ankafuna kunena mpaka tsiku lomaliza. Nzeru zawo zinali zimenezo. Benchi yake ndi yopendama ija mumakhalira pakhonde mukamadikira kuti mafoni anu adzaze moto.

Loweruka ubwere ndi bambo wako. Udzakhale pa benchiyo, udzawerenge mapepala awa mokweza iye akumva. Ukadzamaliza udzandifunsenso funso lako lija, ngati lidzakhale lidakalipo. Mano ndidzakhala nditawamanga bwino.